Makutu a Alamu Anga

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, anakalambira pa fakitale ya sopo. Ntchito yawo inali kukonza lamba woyendetsa makatoni, ndipo anzawo ankangowatchula kuti Bambo Lamba. Sindinena kuti anali katswiri. Ndingonena kuti lamba ankayenda.

Ankagwira ntchito ndi khutu. Makina akuyenda, ankatenga kachitsulo katali, nsonga imodzi n'kuigunditsa pa gudumu limene lamba amayendapo, inayo kukhutu. Gudumu lodwala ankalimva lisanayambe kulira.

Kuseri kwa fakitale kunali lamba wakale amene iwo anaphunzirirapo ntchito, atadyedwa ndi dzimbiri. Zaka zawo zopuma zitakwana, eni fakitale anati akamuutsa adzatsala kuti azimusamalira, akalephera azikapuma. Chilimwe chonse anapala dzimbiri, kusoka lamba, kupaka girizi. Koma makutu anali atayamba kufa, ndipo iwo sankafuna kuvomera.

"Bambo, ndaitana mpaka kukhosi kwauma," ankadandaula mlongo wanga.

"Ndimakumvani, mayi. Kungoti zonena zanu ndinaziloweza kale."

Tsiku loyesa makinawo anandipempha kuti ndikaone. Atayatsa, lamba ananjenjemera, kenako n'kuyamba kuyenda. Koma gudumu lina lapakati linayamba kulira koboola m'makutu. Tonse tinalimva. Alamu anayenda ndi kachitsulo kawo gudumu ndi gudumu. Atafika pa lolira lija anamvetsera kwa nthawi, n'kugwedeza mutu, n'kupitirira.

"Ali bwino, akapitawo. Kwezani makatoni."

Kapitawo, mnzawo wakalekale, anayang'ana pansi. Wonyamula katundu wina anaseka.

"Madala, nkhumba ikuphedwayi simukuimva?"

Alamu anaona mano okha, nawonso n'kuseka. Chimene chinawauza ndi fungo la girizi wopserera. Anabwerera, n'kugwira gudumulo ndi dzanja, n'kulichotsa msanga. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo panalibe amene anasekanso. Anazimitsa makina okha.

Vuto lake linali laling'ono, moti dzuwa lisanapendeke anali atakonza. Kapitawo anawakuwira kukhutu kuti lamba wauka, ntchito ndi yawo, za gudumu sakazinena kwa mabwana.

"Ayi, achimwene," anatero alamu akupukuta m'manja. "Lero ndi gudumu. Mawa likodwa dzanja la mwana wa mwini, iye n'kumalira, ine n'kumati ali bwino."

Anavula ovololo, n'kuipinda bwinobwino ngati adzaivalanso. Tinayenda wapansi kubwerera kunyumba, iwo atakulunga chikhato chopsacho m'mpango. Titafika pakhomo tinaona mlongo wanga akuanula zovala, atavala diresi yake yabwino, poti ankayembekezera nkhani yokoma. Alamu anaima, n'kundigwira mkono.

"Kamuuzeni ndinu, alamu. Ine ndikamuuza ayankha chapansipansi, ndipo sindidziwa ngati wakwiya kapena akulira."