Kapu ya Madzi pa Chigayo

Amuna anga sanalawepo mowa chibadwire. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa pepala lomwe lili ku ofesi ya purazi likunena zina, ndipo pepalalo ndi labodza.

Tonse awiri tinabadwira mu komboni ya purazi ina ya fodya kuno ku Tengwe, makolo athu atachokera ku Malawi. Bambo a ana angawo anali Msilamu wosaphonya swala, ndipo ntchito yawo inali yoyendetsa chigayo cha purazi. Mkati mwa sabata ankagaya chakudya cha ng'ombe. Loweruka ankagayira ife a mu komboni upfu wa sadza, ndiye kuti ufa wa nsima.

Pachigayopo anaikapo zinthu ziwiri zawozawo. Choyamba chinali maginito. Chimkuzamawu cha kumzikiti chitafa, anachiphwasula n'kutenga chitsulo chakuda cha kumbuyo kwake, n'kuchimangirira pakamwa pa chigayo pomwe chimanga chimatsetserekera. Chimanga cha pa purazi chimasesedwa pansi m'mashedi, ndiye chimabwera ndi misomali, tiwaya ta m'mabalani a fodya, ngakhale mabawuti a pulawo. Zonsezo zinkakanirira pa maginitopo, chimanga n'kumadutsa. Loweruka akaweruka ankazikhuthulira pamphasa kuchokera m'thumba la ovolosi.

"Taonani ndiwo zomwe mukadadyera sadza sabata ino, mayi."

Chachiwiri chinali kapu yanga. Ndinagula makapu awiri achitsulo ku Karoi, oyera, a mlomo wabuluu. Imodzi inasowa. Sabata yathunthu ndinkamuyang'ana ndi diso loipa mnzanga woyandikana naye nyumba. Tsiku lina ndikupita kukagaya ndinaipeza ili pamwamba pa chigayo, yomangiridwa ndi waya, ili ndi madzi theka.

"Bambo, ndadana ndi munthu chifukwa cha kapu imeneyi!"

"Kapepeseni. Iyi yalembedwa ntchito. Tabwerani muone."

Anakankha kachitsulo koonjezera liwiro la injini. Madzi a m'kapu anachita timizere tozungulira, tonjenjemera bwinobwino. Anakankhanso pang'ono, timizere tomweto. Pang'ono pena, chimodzimodzi. Kenaka anangokhudza, sindinaone n'komwe kuti dzanja layenda, madzi aja anayamba kudumpha timadontho ngati mafuta m'poto, pansi ponse n'kumandigwedeza mawondo. Anabweza msanga, koma anabweza kutali, kupitirira pomwe anayambira, ndipo chigayo chinakhala pansi.

"Ichi si bulu woti ukamukwapula pang'ono athamanga pang'ono," anatero. "Chimapirira, chimapirira, kenaka chimapenga kamodzi. Ndipo chikapenga, ukabweza pomwe unali sichimva. Uyenera kutsika kwambiri."

Ndinawafunsa chifukwa chomwe sakanangolemba chizindikiro pachitsulopo. Anati malowo sakhazikika. Nyundo za m'kati zikadyeka, malowo asuntha. Lamba akaphwa, asunthanso. Khutu limachedwa kumva, koma madzi amaona msanga.

Zaka zambiri zinatha chigayo chisanapweteke munthu. Ndiye kunabwera manijala watsopano, mphwake wa mwini purazi, wa mapepala a kukoleji. M'nyengo yozizira msipu utauma, anafuna chakudya cha ng'ombe chambiri pa tsiku. Anaima pachigayo n'kuona kuti chimanga chikuchedwa pang'ono pa maginitopo. Analamula kuti achotsedwe. Amuna anga anamufotokozera. Iye anati chigayo chinachokera kufakitale chopanda zigamba za kumzikiti, ndipo wofuna ntchito achite zomwe wauzidwa. Amuna anga anabwera nawo kunyumba maginito aja atawakulunga m'saka, n'kuwaika pansi pa bedi.

Panapita masiku asanu ndi anayi. Ndinali m'shedi yosankhira fodya m'mawa pomwe tinamva kuphulika, kenaka phokoso ngati munthu akukuntha malata ndi nkhwangwa. Tinathamanga. Tinapeza chivundikiro cha chigayo chitang'ambika, amuna anga ali chigonere pa masaka, maso ali otseguka, miyendo osayenda.

Kuchipatala cha m'tauni anawajambula. Dokotala, mayi wodekha, anandionetsa chithunzi chakuda pa nyali. Pafupi ndi msana panali kanthu koyera ngati njere ya nzama. Anati ndi chitsulo. Anati ku Harare kuli makina ena oona msana bwino kuposa apa, koma munthu wa chitsulo m'thupi salowamo, chifukwa makinawo ndi maginito aakulu, angachikoke n'kung'amba zam'kati. Ndinangokhala pabenchi. Maginito aang'ono omwe akanachigwira chili panja anali pansi pa bedi langa. Aakuluwo sakanathanso kuwathandiza chili m'kati.

Anawachita opaleshoni, n'kuwalumikiza ku makina opumitsa. Makinawo ankapuma mofanana nthawi zonse, osafulumira, osachedwa. Tsiku lachitatu masana anatisiya. Ndinapempha chitsulo chija, namwino n'kundipatsa m'kabotolo. Unali mutu wa bawuti ya pulawo. Ndinali nditaiona yambirimbiri pamphasa panga.

Titaika maliro ndinalowa eda, masiku omwe mkazi wa Chisilamu amakhala m'nyumba mwamuna wake akamwalira, miyezi inayi ndi masiku khumi. Ndili m'nyumbamo m'pomwe bodza linayamba kuyenda panja. Anabwera nalo ndi mnzanga woyandikana naye uja, yemwe ndinamuganizira za kapu.

"Asisi, musakwiye nane. Folomani akuti anatola kapu pafupi ndi chigayo. Akuti inkanunkha kachasu. Manijala walemba pa pepala kuti malemu ankamwa pa ntchito, n'chifukwa chake anathamangitsa chigayo."

Munthu woti ngakhale maheu ogona ankawakana! Munthu woti paukwati wa mwana wa folomani yemweyo anakhala panja pansi pa mtengo chifukwa m'nyumba munali mowa! Ndinafuna kutuluka nthawi yomweyo ndi mpango umodzi. Koma kutuluka kukanakhala kuwanyozanso malemuwo. Ndinakhala. Ndinamva kuti kumpopi akuti Achawa, ndiye kuti ife Asilamu, amamwa mobisa. Ndinamva kuti pa sadaka ya masiku makumi anayi amuna ena a kumzikiti anadya mpunga mitu ili pansi, osatchula ubwino wawo ngakhale umodzi. A Shehe ananditumizira mawu akuti Mulungu ndiye adziwa. Inde adziwa, koma ana anga amayenda pakati pa anthu, ndipo anthuwo ankadziwa zina.

Ndinawerenga masikuwo ndi njere za chimanga m'mbale. Itatha yomaliza, kunali kutentha kwa mvula isanagwe. Loweruka m'mawa ndinasamba, ndinatenga saka la pansi pa bedi, kabotolo, ndi kapu yotsala ija, ndinapita kuchigayo.

Anali atachikonza. Ankachiyendetsa bambo wina wa thirakitala, munthu wabwino koma wosachidziwa. Amayi a mu komboni anali pamzere ndi matumba awo, folomani ali pakhomo ndi chipewa chake.

"Nematambudziko, ambuya," anatero, kundipepesa maliro m'chiyankhulo cha kuno. "Mwatuluka?"

"Ndatuluka, a folomani. Ndamva kuti muli ndi mphuno yabwino. Ndabwera kuti mundinunkhizire kanthu."

Amayi anasiya kucheza. Ndinapita pampopi wa pakhomo onse akuona, ndinatunga madzi theka la kapu, ndinamufikitsira kumaso.

"Ndi kachasu wa kwa yani uyu?"

"Ah, ambuya, musandichititse manyazi. Awa ndi madzi."

"Nunkhizani bwino. Tsiku lija munamva fungo kapu ili yogubuduka m'fumbi."

"Nunkhizani, sekuru!" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Inu ndiye katswiri wake!"

Anthu anaseka, ine ayi. Ndinayala saka pansi, ndinapempha mnzanga uja kuti akhuthulepo chimanga chake. Ndinayendetsa maginito m'chimangamo kawiri. Anatuluka ndi misomali iwiri ndi kawaya. Kenaka ndinatsegula kabotolo, ndinaika mutu wa bawuti pachikhatho. Maginito asanafike n'komwe, unadumpha n'kukanirira, kuti tcha!

"Ichi anachichotsa pamsana pa amuna anga. Ndiuzeni, chinalowa m'chigayo chifukwa cha mowa?"

Ndinakwera pa sitepe. Waya wa malemu unali ukadalipo pa chivundikiro, wopindika. Ndinauwongola, ndinaikamo kapu, ndinauza bambo wa thirakitala kuti alize injini chigayo chili chopanda kanthu, ndipo akankhe pang'onopang'ono. Anayang'ana folomani. Folomani anayang'ana kumbali. Bamboyo analiza.

Timizere tinabwera. Amayi anayandikira, ena atakwera pa matumba. Bamboyo anakankha, timizere. Anakankhanso, timizere. Ndinaopa kuti mwina poti achikonza sichichitanso, ndiye ndikhala wamisala pamaso pa komboni yonse. Anakankha kachitatu. Madzi anadumpha mpaka kundinyowetsa dzanja, malata onse n'kulira.

"Bwezani! Kwambiri, bambo, kwambiri!"

Anabweza, chigayo chinakhala pansi. Bamboyo anapukuta thukuta n'kunena kuti, "Maiwe. Ndiye ine masiku onsewa ndimagaya pamenepa, ndimati ndi mmene chimalirira."

Folomani anavula chipewa n'kuchizunguliza m'manja.

"Ine sindinanene kuti anali ataledzera. Ndinangoti ndaona kapu."

"Ndiye kanenenitu ku ofesi zomwezo."

Sanapite. Ndinapita ndekha Lolemba. Manijala anandilandira chiimire, n'kundiuza kuti pepala likalembedwa ndi kutumizidwa silisinthika. Maginito anabwezeretsedwa sabata yomweyo, chifukwa amayi anakana kugayitsa popanda iwo, koma manijalayo analamula ngati nzeruzo ndi zake. Kupepesa sanapepese mpaka lero.

Lachisanu lotsatira a Shehe anaima pambuyo pa swala n'kuuza amuna onse kuti anamvera bodza za m'bale wawo, ndipo aliyense amene analinena akapemphe chikhululuko kwa ana ake. Anabwera asanu ndi mmodzi. Ndinawapatsa tiyi m'makapu apulasitiki, poti achitsulo aja imodzi ili m'kabati ya ku ofesi ngati umboni wa kuledzera, inayo ili pachigayo. Bambo wa thirakitala amaithira madzi m'mawa uliwonse asanalize injini, ndipo munthu akafuna kumwera amamuletsa: "Isiyeni, ndi ya malemu, ili pa ntchito."