Tsiku Limene Njuchi Zinanditera Pamsana

Kumunsi kwa munda wa tiyi umene amayi ankathyolako, kufupi ndi Kapichi, kunali kamtsinje kokhala ndi mikuyu ndi mibawa ingapo imene nkhwangwa za pa esiteti zinaisiya. M'mitengo imeneyo ndimo bambo anga ankapachikamo ming'oma yawo ya njuchi. Mpaka lero ndikatseka maso ndimamva fungo la malowo: dothi lofiira lonyowa, masamba a tiyi ofinyika m'madengu, ndi kafungo kotsekemera kotsika m'mitengo dzuwa likatentha.

Anali masiku a thangata. Makolo anga anachokera kutsidya, kwa Apwitikizi, ndipo analoledwa kumanga kanyumba pa esiteti malinga azigwira ntchito imene awauza, pa nthawi imene awauza. Ine, Elube, ndinali kamtsikana kongoyamba kumene kusenza mtsuko wa madzi. Ntchito yanga inali kulera mlongo wanga Faisoni, amene anali asanayambe n'kukwawa komwe, ndi kupita naye kumunda masana kuti akayamwe.

Amayi ankakonda kunena kuti bambo amadziwa za ana a njuchi kuposa za ana awo, ndipo sankanama kwenikweni. Mukanawafunsa ngati Faisoni wamera mano, akanayamba akanda kumutu. Koma za mng'oma ankafotokoza mpaka munthu kugwa tulo. Mng'oma wawo unali khungwa la mtengo lokulungiza, lotseka uku ndi uku, ndipo ankati mkati mwake muli zipinda ziwiri. Kutsogolo, kufupi ndi kabowo kolowera, n'kuchipinda cha ana, kumene mayi wa njuchi amaikira mazira. Kumbuyo ndi kunkhokwe ya uchi. Anthu ena pofula ankakokolola zonse, n'kutafuna ndi ana omwe, njuchi n'kuthawa. Bambo ankatsegula kumbuyo kokha, ndipo akafika pa zisa za ana ankabweza mpeni.

Vuto linkabwera maluwa akachuluka. Uchi unkadzaza nkhokwe n'kuyamba kulowerera kuchipinda cha ana, mayi uja n'kusowa poikira mazira. Zikatero njuchi zinkamanga timatumba tolendewera, tonga makoko a mtedza, tolereramo mayi watsopano, ndipo tsiku lina mayi wakale ankanyamuka ndi theka la gulu lonse kukafuna malo ena. Pofuna kupewa zimenezi bambo ankakwera mumtengo nthawi isanathe. Ankachotsako zisa za uchi, kudula zisa zakale zakuda kuti njuchi zimange zatsopano, ndi kuthyola timatumba tija. Nthawi zina ankasamutsa chisa chimodzi cha ana n'kukachiika mu mng'oma watsopano, gulu n'kugawika mwamtendere.

Chaka chimenecho, mvula ili pafupi kutha, mitengo ya bulugamu ya pa esiteti inachita maluwa kwambiri. Bambo anakonzeratu mng'oma watsopano. Anaupaka phula mkati, n'kuukhula ndi masamba a mpungabwi, chifukwa fungo limenelo limakoka njuchi. Pokhulapo ankagwiritsa ntchito chiguduli, ndipo atamaliza anafunditsa mng'omawo ndi chiguduli chomwecho n'kuuika pakhonde. Anangotsala kuti akwere mumtengo mawa lake. Koma m'mawa mwake kapitao anabwera kudzatenga amuna onse a m'layini ya nyumba zathu kuti akadule nkhuni kuphiri, poti fakitale youmitsira tiyi inkameza nkhuni osapuma. Bambo anapempha kuti awasiye tsiku limodzi lokha. Kapitao anaseka, nati njuchi sizinalembedwe ntchito pa esiteti. Amunawo anakagonera komweko kumsasa, ndipo mwezi unatsala pang'ono kutha asanabwerere. Amayi njuchi ankaziopa koopsa, moti kumtsinje kuja ankadutsa atafunda kumutu.

Tsiku la nkhani yanga kunacha ndi kamvula kowaza. Faisoni anaipitsira nsalu imene ndinkamuberekera, ndipo ina inali isanaume. Nsalu masiku amenewo sizinali zosankha ngati lero. Amayi, akuthamangira belu la kumunda, anangosolola chiguduli chija pakhonde, kuchikutumula, n'kundiuza kuti ndimuberekere chimenecho. Chinali chokanda pakhungu koma chinkanunkhira bwino. Palibe mmodzi wa ife amene anaganizapo kanthu.

Pofika masana mitambo inang'ambika, dzuwa n'kuwomba mwaukali. Ndinamubereka mwana, n'kukoka chiguduli kuti chimufunde kumutu, ndipo ndinatsika kanjira kodutsa pakati pa mizere ya tiyi cha kufupi ndi kamtsinje kaja. Amayi ndinkawaona patali, ataweramira tiyi ndi dengu kumsana. Kenaka ndinamva mkokomo. Poyamba ndinayesa mvula ikubweranso m'mitengo ya bulugamu. Nditakweza maso ndinaona kuti kumwamba kwada ndi timadontho touluka, ndipo mdimawo unkazungulira pamwamba pa mutu wanga. Azimayi othyola tiyi anataya madengu, ena kudzigwetsa m'mizere, ena kuthawira kumtunda akukuwa. Ine ndinangoima. Anthu akhala akunditamanda kuti ndinalimba mtima, koma kunena zoona miyendo ndiyo inakana kuyenda.

Njuchi yoyamba inatera paphewa, ina pamfundo ya chiguduli pachifuwa panga, kenaka ndinaleka kuziwerenga. Zambiri zinkapita kumbuyo. Ndinamva msana wanga ukulemera pang'onopang'ono, ngati munthu akundisenzetsa mwana wachiwiri pamwamba pa woyambayo. Zinkayenda m'khosi, m'makutu, m'tsitsi, timiyendo tawo tikundinyerenyetsa, ndipo zinkatentha. Sindinkadziwa kuti njuchi zikaunjikana zimatentha chomwecho. Gulu lonse lochokera mu mng'oma waukulu wa bambo linali litakhazikika pa chiguduli, pamutu penipeni pa Faisoni.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chinabwera m'mutu mwanga. Bambo ankati njuchi zosamuka zimakhala zokhuta uchi ndipo sizilumana wamba, koma munthu akaphwanya imodzi, zinzake zonse zimalusa. Timanja ta Faisoni tinali m'mbali mwanga, monga amachitira mwana aliyense kumbuyo. Akanangodzuka n'kukupiza timanja timeneto, basi. Ndiye ndinatsitsa mikono yanga pang'onopang'ono n'kupanira timanjato m'khwapa mwanga, kumanja ndi kumanzere.

Amayi anabwera akuthamanga, akukuwa dzina la mwana. Akanafika pa ine akanazikwapula njuchizo ndi manja. Amake Rozina, oyandikana nafe nyumba, ndiwo anawagwira m'chiuno n'kugwa nawo pansi. "Amake Elube, mukapha ana anu nokha! Khalani pansi, ndapota nanu!" Anatuma mtsikana wina kuti athamangire kufakitale kukaitana bambo, poti tsiku limenelo gulu lawo la odula nkhuni linali litatsika kudzatula nkhuni, ndipo wina anamutuma kwathu kukatenga mng'oma uja pakhonde.

Anthu anandizungulira patali, ngati akuonerera gule. Aliyense anali ndi nzeru zake. Wina ankati ndithawire mumtsinje, wina ankati andithire dothi. Kenaka a Nampinga, alonda a munda umenewo, anatulukira ndi muuni wa udzu ukuyaka lawilawi, akuti njuchi mankhwala ake ndi moto. Anafika pafupi moti ndinamva kutentha kumaso. Njuchi zinasintha kalilidwe, mkokomo uja n'kukwera, ndipo imodzi inandiluma pachikope cha diso lakumanzere. Amake Rozina anasiya amayi, n'kulumphira a Nampinga. "Mwapenga kodi, bambo inu? Chigudulitu ichi, mupsereza ana!" Anawalanda muuniwo n'kuupondereza m'matope.

Ululu wa pachikope unalowa mpaka m'mano. Dzanja linkafuna lokha kukwera kumaso, koma dzanja likanakwera, kadzanja ka Faisoni kakanamasuka. Ndinangoluma mlomo, misozi n'kumatsika yokha, njuchi zina n'kumatera pa misoziyo. Diso linatupa mpaka kutsekeka.

Koma chimene chinandiopsa kuposa ululu chinali chakuti mwanayo anali zii. Faisoni anali mwana wolira, woti nthawi yoyamwa ikakwana m'layini monse ankadziwa. Tsiku limeneli sanalire, sanagwedezeke. Ndinayesa kumvetsera kupuma kwake pamsana panga, koma mkokomo wa njuchi unaphimba zonse. Ndinayamba kuganiza kuti wabanika m'chiguduli muja, kuti ndapanira m'khwapa manja a mwana wakufa. Ndinaona nkhope ya amayi ndipo ndinadziwa kuti nawonso akuganiza zomwezo. Sindidziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndimangokumbukira kuti mwadzidzidzi ndinamva madzi ofunda akutsika kumsana mpaka m'miyendo. Anali Faisoni, wandikodzera. Pa moyo wanga wonse sindinasangalalepo ndi mkodzo wa mwana ngati tsiku limenelo. Ndinafuna kukuwa kuti ali moyo, koma pamlomo panali njuchi, ndiye ndinangokhala nawo ndekha uthengawo.

Bambo anafika akuthamanga, thupi lonse lili utuchi ndi thukuta, koma atatsala pang'ono kundifika anayamba kuyenda ngati munthu wopita kukacheza. Anatsikira kumtsinje, kusamba m'manja ndi m'mikono kuti thukuta lichoke, n'kuuza anthu onse kuti afutukire kutali. Mng'oma watsopano uja anauika pansi pafupi ndi mapazi anga, atautsegula mbali imodzi. Anayamba apala mbola pachikope panga ndi chikhadabo, n'kupakapo matope kuti fungo lake lisaitane zina. "Mwanaka," anandinong'oneza m'Chilomwe chawo, chimene ankabwererako mtima ukawathina, kutanthauza kuti mwana wanga. Kenaka anati, "Wagwira bwino. Usasiye."

Anapita kumbuyo kwanga. Sindinkawaona, ndinkangomva kulemera kuja kukuchepa. Ankatapa njuchi ndi manja awo, pang'onopang'ono, n'kumazikhuthulira pakamwa pa mng'oma, uku akuyang'ana gulu lililonse. Ankafuna mayi wa njuchi, chifukwa kumene iye ali n'kumene zonse zimapita. Anamupeza m'kapindiro ka chiguduli, pafupi ndi khutu la mwana. Anandionetsa ali pakati pa zala ziwiri, wamtali kuposa anzake, wofiirira, ndipo anamulowetsa mu mng'oma. Posakhalitsa njuchi za pakamwa pa mng'omawo zinayamba kukupiza mapiko, zinzake n'kumatsika m'thupi mwanga, m'miyendo, kulondola momwemo.

Zitatsala zowerengeka, bambo anamasula mfundo pachifuwa panga n'kuvundukula chiguduli. Faisoni anali chinyowere ndi thukuta, tsaya lili pamsana panga, ali m'tulo tofa nato. Kuwala kutamufika m'maso anadzuka n'kulira kulira kwake kuja kwa njala. Amayi anamulandira n'kumuvula, kumutembenuza uku ndi uku. Analibe mbola ngakhale imodzi. Koma mikono yanga inakana kumasuka. Amake Rozina anachita kuikanula ngati akutsegula msampha.

Chinandidzidzimutsa kwambiri ndi chimene ndinaona pambuyo pake. Amayi atamuyamwitsa anapereka mwana kwa bambo, koma bambo analephera kumulandira. Manja omwe aja, amene anatapa njuchi osagwedezeka, anangowapanira pakati pa mawondo. Anakhala pansi m'mzere wa tiyi, n'kulira mokweza pamaso pa akazi onse. Ndinali ndisanaonepo mwamuna wamkulu akulira, ndipo ndinachita mantha kuposa pamene njuchi zinali pa ine.

Amayi anafuna kuti ming'oma yonse itenthedwe tsiku lomwelo. Bambo sanatsutse, ndiponso za chiguduli sanazitchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anangokwera mumkuyu n'kutsegula mng'oma waukulu uja, kenaka anatsika ndi chisa chimodzi n'kuwaonetsa amayi. Pamene panayenera kukhala ana panali uchi wokhawokha, ndipo m'mphepete munalendewera timatumba tija tonga mtedza. "Mwaona, amake Elube? Zinasowa pogoneka ana. Ndikanapatsidwa tsiku limodzi lija, izi sizikanachitika." Amayi anachiyang'ana chisacho nthawi yaitali. Ming'oma sinatenthedwe, koma inasamutsidwira kutali ndi njira ya kumunda, ndipo pakhonde pathu sipanakhalenso chiguduli.

Zinthu zasintha tsopano. Thangata linatha, ndipo munthu atha kuyang'ana njuchi zake tsiku limene iye waona kuti n'loyenera. Kamtsinje kaja mitengo yake inatha. Faisoni anakula n'kukhala mlimi wa njuchi kuposa bambo ake, ndipo chakuukalamba anali ndi ming'oma ya matabwa ku Masambanjati, yokhala ndi bokosi la ana pansi ndi la uchi pamwamba, yoti umangosolola chisa n'kuona zonse ndi maso. Chaka chilichonse chisa choyamba ankabwera nacho kwa ine, ndipo ankakonda kudzitama kuti iye njuchi zinamudziwa ali khanda, sizinamulume. Ine ndinkamuonetsa chikope changa, chimene mpaka pano n'chogwa pang'ono, n'kumuuza kuti, "Achimwene, zinali ndi womuluma."

Faisoni tinamuika m'manda mvula yapitayi, ali ndi imvi mutu wonse. Adzukulu anga amandiseka, chifukwa njuchi ikangolira pafupi, ine sindithawa ndipo sindiikupiza ngati anthu ena. Mikono yanga imangotsika yokha n'kupana m'mbali, kumanja ndi kumanzere, ndipo imatenga nthawi kuti ikumbukire zoti timanja tija mulibemo.