Mkamwini Wothawa Mkazi Wake

A Gregory anabwera kudzakwatira m'mudzi wina kufupi ndi Namitete ali mnyamata wa njinga yopanda mabuleki, ndipo chikamwini chawo chinafika mpaka pa imvi. Fodya ankalima bwino. Kwaya ya ku parishi ankaimbanso, ngakhale mawu awo anali oti mbuzi imasiya kudya. Akazi awo, a Ursula, anapirira zonsezo.

Chaka chatha sitiroko inawagwetsa m'chigafa akusoka fodya. Mwendo unadzachira, pakamwa panawongoka, koma m'mutu munasowa theka la moyo wawo. Ankadziona ngati mkamwini wa dzulodzuloli. Tsoka lake, a Ursula pokalamba anatengera nkhope ya malemu amayi awo, ndi kayendedwe komwe.

Ndiye taganizani. A Ursula akatulukira ndi phala, bambowo ankadzambatuka, chipewa kumaso, n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe, pakuti mkamwini waulemu sapenyana ndi apongozi. Akakumana panjira ya ku dimba, ankapatukira m'tchire mpaka chisoso thalauza lonse. Mudzi unaseka mpaka nthiti kuwawa. A Ursula nawo ankaseka pagulu, koma mumtima zinkawapweteka kwambiri. Mwamuna womubalira ana asanu n'kumakuthawa ngati wokhometsa msonkho!

Mwana wawo Febe, yemwe amagwira ntchito m'tauni, anabwera ndi nkhani yoti kuchipatala china akuyesa kudzutsa ubongo ndi magetsi ochepa kwambiri. Atamva izi a Gibson, makaniko wa minibasi pa Msundwe, anafika ndi batire paphewa.

"Mukawonongeranji thiransipoti? Timangogunditsa pompano, ngati minibasi yokana kulira m'mawa."

A Ursula anawathamangitsa ndi munsi, ndipo batirelo anachita kudzalitenga mawa lake.

Ulendo wa ku Lilongwe unali wovuta. A Gregory anakana kukhala mpando umodzi ndi apongozi, moti a Ursula anapanikizika kumbuyo pakati pa matumba a mtedza. Dokotala sanalonjeze kanthu. Anati ena zimawathandizako, ena ayi, ndipo sizitheka tsiku limodzi. Kenaka anatulutsa chipewa cha mawaya.

Apa mpamene a Gregory, mwamuna wosaopa ngakhale njoka, anachita mantha.

"Ndiitanireni Ursula," anatero. "Popanda iye sindivala."

Febe anayang'ana amayi ake, omwe anaima pakhomo. Akanati alowe cha kutsogolo, wodwalayo akanatulukira pazenera. Choncho a Ursula anavula masilipasi, nazungulira mwakachetechete, n'kukaima kumbuyo kwa mpando. Anaika manja pamapewa a amuna awo.

"Ndabwera. Musacheuke, mungasokoneze mawaya."

Mapewa aja anatsika pang'onopang'ono. Dzanja linakwera kudzagwira zala zawo, n'kuzifinya.

"Munali kuti masiku onsewa?" a Gregory ananong'ona. "Ine ndavutika. Amayi anu sindikuwanena, ndi munthu wabwino, koma samandipatsa mpata. Ku dimba ali pomwepo, kubafa andiikira madzi, lero mpaka m'minibasi! Kodi alibe kwawo?"

Febe anathawira panja atagwira pakamwa. A Ursula anafuna kuseka, koma inatsogola ndi misozi.

"Ndikawauza," anatero.

"Mukanene mwaulemu. Amandisamala kwambiri, eti. Sindikudziwa kuti ndinawachitira chiyani."

Magetsiwo akupitabe nawo. Kaya akugwira, kaya ayi, dokotala akuti tidikire. Koma mukadutsa pakhomopo masana, mudzaona nkhalamba ziwiri pansi pa mtengo wa mango, zitakhala pamphasa mofulatirana, misana itagundana. A Gregory amakamba za ana amene adzabereke, ndi nyumba ya malata imene adzamange fodya akadzagulidwa bwino. A Ursula amangovomera, akusenda mtedza, maso ali pa nyumba ya malatayo, yomwe inamangidwa kalekale.