Namzeze wa M'foni ya Ogulsapar

Mu msewu wathu m'tauni ya Tejen munalibe khomo limene silinadyepo buledi wa Ogulsapar. Uvuni wake wadothi unali kuseri kwa khoma lolekanitsa bwalo lake ndi langa, choncho fungo linkayamba kundipeza ine. Anali mayi wamtali, mikono yake yodzaza zipsera chifukwa chopisa dzanja mu uvuni pomata buledi, ndipo pakamwa pake sipankatsekeka. Akaseka, nkhuku zanga zinkabalalika.

Pamene ankakwatiwa anapeza m'nyumbamo mng'ono wa mwamuna wake, Tuwak, akadali wa mamina m'mphuno. Apongozi ake aakazi anamwalira chaka chomwecho, ndiye Ogulsapar ndi amene anamulera. Ankamusambitsa, kumusokera malaya, kukakangana ndi aphunzitsi ake. Mwamuna wa Ogulsapar, amene ankayendetsa thirakitala m'minda ya thonje, anamwalira ndi matenda a chiwindi Tuwak ali kale munthu wamkulu, wokhala ndi kashopu kokonzera mafoni pamsika. Ngakhale atakwatira, masana aliwonse ankabwerabe kudzadya kwa mlamu wakeyo. Ankamutcha gelneje, monga aliyense kuno amatchulira mkazi wa mkulu wake, koma tonse tinkadziwa kuti kwa iye anali mayi.

Mwana wobereka yekha Ogulsapar anali naye mmodzi, Maysa. Ntchito zitasowa, Maysa anapita ku Istanbul kukasamalira nkhalamba ina yopuwala. Pasipoti yake inathera komweko, kuikonzetsa kunakanika, ndipo zaka zinayamba kudutsa. Mapulogalamu oimbirana pa intaneti kuno anatsekedwa onse. Anthu ankati boma linamanga mpanda. Lamya wamba inali yodula, mawu ankadukaduka, ndipo aliyense ankadziwa kuti pali makutu ena pakati. Amayi ndi mwana ankangofunsana za thanzi n'kudula.

Tsiku lina masana ndinali pabwalo lake kumuthandiza kudula anyezi wa samusa. Tuwak atamaliza kudya anapukuta manja n'kunena kuti, “Gelneje, tandipatsani foni yanuyo.”

“Ukufuna uiwononge ngati wailesi ija?”

“Ndikufuna muone nkhope ya Maysa lero.”

Ogulsapar anasiya mpeni. “Iwe, si zomwe anamangira anyamata a ku siteshoni zija?”

“Amenewo ankagwiritsa ntchito zachikale. Aka n'kapulogalamu katsopano. Kamauluka pamwamba pa mpanda, ngakhale amene anamanga mpandawo sakaona. Zimene mulankhule mudzamva awiri basi.”

“Ukandinamiza ndikuponya mu uvuni.”

“Mafuta onsewa? Buledi wanu angapserere, gelneje.”

Anadinadina, ndipo pafoni panaoneka kachithunzi ka namzeze. Posakhalitsa nkhope ya Maysa inatulukira, yowonda, tsitsi lodula. Ogulsapar anakuwa mpaka ana a mumsewu anathamangira pachipata. Analira, anaseka, anamukalipira mwana wake chifukwa cha tsitsilo, kenako anagwira mutu wa Tuwak n'kuupsompsona pachipumi. Tuwak anayang'ana pansi. Ine ndinkayesa ndi manyazi chabe.

Kuyambira pamenepo ankalankhulana pafupifupi tsiku lililonse. Ogulsapar ankatsamiritsa foni pa thumba la ufa, manja ali m'beseni, n'kumakhuthula zonse. Ankanena za mzere wa ufa umene unkayamba kusanache, za mkulu wa dera amene mimba yake inkalowa m'chipinda iye akadali panja. Ankatengera ndi kayendedwe kake, Maysa n'kumagubuduka ndi phwete kutsidyako. Nayenso Maysa ankasimba zake. Anauza mayi ake kuti iye ndi anzake anakaima pakhomo pa ofesi ya mapasipoti kudandaula, ndipo anatchula anzakewo mayina, ndi kwawo komwe.

Ogulsapar sankatha kudya chokoma yekha. Mu msewu wathu pafupifupi khomo lililonse linali ndi munthu kunja, wina ku Turkey, wina ku Russia. Azimayi akabwera kudzagula buledi ankawauza kuti, “Pita kwa Tuwak wanga, ukanene kuti ndakutuma ndine.” Amantha ankawaperekeza yekha. Mmodzi mwa iwo anali Akjagul, mphunzitsi wa masamu amene mwamuna wake ankamanga nyumba ku Kazan, ku Russia. Iye anakana kwa nthawi yaitali.

“Ine ndili pa ntchito ya boma, mnzanga,” ankatero.

“Mwana ameneyu ndinamusambitsa ndi manja awa,” Ogulsapar anamuyankha. “Ngati sukukhulupirira iye, khulupirira ine.”

Akjagul anapita.

Panadutsa nyengo ziwiri zokolola thonje. Kenako m'mawa wina kunaima galimoto yoyera pachipata, ndipo amuna awiri a zachitetezo anapempha Ogulsapar mwaulemu kuti awatsatire. Anachoka ufa uli m'manja. Buledi amene anali mu uvuni ndinatulutsa ndine.

Zimene zinachitika kumeneko anandiuza yekha. Ku ofesi yawo anamulowetsa m'chipinda momwe munali mnyamata wovala bwino, amene anamuthirira tiyi n'kumutcha azakhali. Kenako anadina pa kompyuta, ndipo Ogulsapar anamva mawu ake omwe akutengera mkulu wa dera. Anamva kuseka kwake. Anamva Maysa akutchula anzake mmodzimmodzi. Anamvanso tsiku limene Maysa analira kuti mwana wa nkhalamba ija amamugwiragwira pakhonde, nkhani imene Ogulsapar sanauzepo munthu, ngakhale ine.

“Mwazitenga kuti zimenezi?” anafunsa.

“Munkatitumizira nokha, azakhali. Kambalame kaja kamayamba katera kuno, kenako n'kupitirira.”

Anamuuza kuti sam'manga, poti ndi mayi wachikulire. Koma Maysa akadzangoponda pabwalo la ndege kulikulu, ku Ashgabat, oyamba kumulandira adzakhala iwo. Ogulsapar mtima unali pa Tuwak. Anayamba kumuchonderera.

“Mlamu wanga sankadziwa. Iye ndi wokonza mafoni chabe, wina anamupusitsa. Musamugwire, ali ndi ana.”

Mnyamatayo anamwetulira uku akutsegula chitseko. “Za Tuwak musadandaule. Timaonana naye kawirikawiri. Amati samusa zanu zilibe zinzake m'Tejen muno.”

Anabwerera wapansi, n'kukhala pansi pa mtengo wa mabulosi osavula nsapato. Dzuwa litafika pamutu, chipata chinatseguka. Anali Tuwak, wabwera kudzadya monga mwa masiku onse, vwende lili kukhwapa. Ine ndinali kuseri kwa khoma ndipo ndinamva zonse.

“Bwanji uvuni wazima, gelneje? Mwadwala?”

“Akukupatsa moni anzako.”

Ndinamva vwende likuikidwa pansi.

“Anandigwira ine poyamba,” Tuwak anatero. “Ndinkaikira anthu zenizeni, zija zachikale. Ananditsekera, anandimenya. Anati ndisankhe, ndende kapena kuika kawoko. Mukanatani inu? Ana anga akanadya chiyani?”

“Ukanabwera kudzandiuza. Ndikanaimba, n'kumanena za mvula ndi nkhuku. Iwe ukanakhala utagwira ntchito yako, mwana wanga akanakhala ndi njira yobwerera.”

“Mukanauza msewu wonse, gelneje. Mumadzidziwa.”

“Ndiye unalekeranji kundisiya? Msika wonse uja, anthu osawadziwa mbwee, n'chifukwa chiyani unayambira m'nyumba muno?”

Tuwak anayankha ndi mawu apansipansi. “Ankafuna anthu ambiri. Ine anthu sakanandikhulupirira. Inu amakukhulupirirani.”

Ndinadikira kuti Ogulsapar akuwe, aswe mbale, amutemberere. Sanachite chilichonse mwa zimenezo. Anangoti, “Tenga vwende lako.” Chipata chinatsekeka, ndipo Tuwak sanapondenso pabwalopo.

Galimoto yoyera ija inabweranso kangapo mu msewu wathu. Akjagul anachotsedwa ntchito chifukwa anauza mwamuna wake kuti aphunzitsi akutengedwa m'kalasi kukathyola thonje. Mnyamata wina anathamangitsidwa ku yunivesite. Mabanja a anzake a Maysa aja anayenderedwa onse. Ogulsapar anavala mpango wake wabwino n'kuyenda khomo ndi khomo, kuwauza azimayi kuti afufute kambalameko ndi kuwapempha kuti amukhululukire. Ena anamumvera ataimirira pachipata. Akjagul anamulola kulowa, koma tiyi sanamupatse.

“Unati ndikhulupirire iwe,” anatero. “Ndinakukhulupirira. Tsopano ndiuze, iwe a boma anakulonjeza chiyani?”

Funso limenelo linamupweteka Ogulsapar kuposa zonse za ku ofesi kuja. Mphekesera inafala kuti iye ndi mlamu wake anali pamodzi pa chiwembucho. Buledi anayamba kutsala. Iye anapitirizabe kuphika, n'kumakagulitsa kutali, kwa madalaivala a mathiraki pamsewu waukulu, anthu odutsa amene sankadziwa dzina lake. Kumeneko sankacheza ndi munthu. Tuwak anasamukira ku Ashgabat, ndipo tinamva kuti shopu yake kumeneko ndi yaikulu, ya magalasi.

Maysa atamva zonse anasintha nambala, poopa kuika anthu ena m'mavuto. Kwa nthawi yaitali kunalibe mawu. Kenako chilimwe chathachi kunabwera mayi wina wa ku tauni ya Kaka, wa geni yokaoda zovala ku Istanbul. Anafunsira nyumba ya wophika buledi, ndipo ine ndi amene ndinamulondolera. Anati watumidwa ndi Maysa. Nkhalamba ija inamwalira, Maysa tsopano amasoka m'fakitale ya makatani, ndipo anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Uzbekistan, wophika mu lesitilanti. Ukwati unachitika mu dzinja.

Mayiyo anapisa dzanja m'chikwama. “Ndili ndi zithunzi, akulu anga. Taonani mkamwini wanu.”

“Foniyo kaisiye panja, pa benchi,” Ogulsapar anatero.

“Ndi zithunzi chabe.”

“Kaisiye panja.”

Mayiyo anandiyang'ana, ine ndinagwedeza mutu, ndipo anatuluka nayo. Atabwerera, Ogulsapar anamuyalira mphasa ya ubweya, anamuthirira tiyi, n'kukhala pafupi naye mawondo kugundana.

“Tsopano ndiuze ndi pakamwa. Ndi wamtali? Mano ali nawo onse? Mwana wanga anavala chiyani?”

Mayiyo anasimba mpaka tiyi anazizira, ndipo basi yake ya ku Kaka inamusiya.