Pulambala wobisa kumene akupita

Mlamu wanga ndi pulambala, ndipo munthu ameneyu anatsala pang'ono kufa ndi ludzu atakumbatira paipi ya madzi. Amene akufuna kuseka aseke, nanenso ndimaseka, koma ndikamuona akutsimphina pamsewu mtima umandiwira.

Pamsewu wathu wa mashedi timamutchula kuti a Pompano. Dzinali analipeza ndi pakamwa pake. Mukakumana naye m'mawa chikwama cha zida chili paphewa, n'kumufunsa kuti ulendo wa kuti, yankho ndi limodzi chaka chonse: pompano. Pompano ameneyo akhoza kukhala kuseri kwa msika, akhozanso kukhala kumene basi imathera. Ine ndimawotcherera zitseko ndi mawindo pashedi yogundizana ndi yake, mkazi wake ndi mlongo wanga weniweni, koma sindinamvepo dzina la malo likutuluka m'kamwa mwake.

Matendawa si ake yekha. Mapulambala onse a kuno amati ukatchula kumene kuli ntchito, mnzako amakafika iwe ukusamba. Mlamu wanga zinamugwera kamodzi, atangosiya kunyamulira zida bwana amene anamuphunzitsa. Anauza mnzake wina wa ntchito yomweyo, amene timamutchula kuti a Ndevu, kuti wapeza nyumba yatsopano yoti aikemo mabafa. Mawa lake anakapeza a Ndevu atakumba kale ngalande, akuimba mluzu. Chiyambire tsiku limenelo awiriwa sapatsana moni, chonsecho mashedi awo ndi oyang'anizana. Mlongo wanga nayenso anaikidwa m'gulu la akazitape, pa mlandu woti amaimba kwaya imodzi ndi mkazi wa a Ndevu.

Luso lokha ali nalo, ndisamunamizire. Akaika khutu pakhoma amakuuzani pamene paipi ikudontha. Koma pitani kunyumba kwake mukaone. Mpopi wa kukhitchini anaumanga ndi mphira mwana woyamba ali kumsana, pano mwanayo akumeta ndevu, mphira ukadali pomwepo ndipo pansi pake pali chidebe.

Tsiku limene ndikunenalo anadzuka ndi bodza latsopano. Mlongo wanga atamupanikiza, anati akukakonza zimbudzi pasukulu ya kufupi ndi depoti. Jombo anazisiya pansi pa bedi, anavala masilipasi. Chifukwa chake tinachimva pambuyo: akuti a Ndevu amawerenga mapazi, akaona jombo amadziwa kuti ntchito ili kutchire. Botolo la madzi sanatenge, poti pulambala satengera madzi kumadzi. Foni anaizimitsa ali pakhomo, kuthawa anthu amene anawalonjeza kuti afika dzulo.

Dzuwa linalowa osabwera. M'mawa mwake ndikutsegula shedi ndinapeza mlongo wanga ataima pakhomo, maso atatupa, duku atamanga mopotoka. Ndinayesa kumuseketsa kuti mwina alamu apeza mpopi wina wosadontha. Sanaseke, ndipo nanenso nthabwala zinandithera pomwepo.

Tinapita kusukulu kuja. Mlonda anatiyang'ana ngati tamwa, n'kutilozera zimbudzi zake: zokumba, zopanda ndi paipi imodzi yomwe. Tinapita kupolisi, anatifunsa kuti munthuyo anati akupita kuti. Tinayendera mawodi kuchipatala. Pomaliza anatilowetsa m'chipinda chozizira chija chosungira mitembo, mlongo wanga akuvundukula nsalu pankhope za amuna a eni ake. Chimenechi ndi chimene sindidzamukhululukira mlamu wanga. Mkazi amene wakuchapira maovolosi onunkha zimbudzi zaka zonsezi, iwe n'kumutuma kukafunafuna nkhope yako pakati pa akufa chifukwa choopa munthu wa ndevu.

Tsiku linalo ndinaganiza zofunsa mayi wa pahadiweya, poti pulambala akhoza kunamiza mkazi wake koma sanganamize wogulitsa zida. Mayiyo anati a Pompano anabwera dzana, anagula masoketi akuluakulu achitsulo, aja olumikizira mapaipi onenepa ngati mkono, ndipo anawakulunga m'thumba la simenti asanatuluke. Kumene ankapita nawo sanatchule.

Mlongo wanga sanandifunse nzeru. Anawoloka msewu, msewu umene mwamuna wake anamuletsa kuwoloka, n'kukaima pashedi ya a Ndevu. Anawauza za masoketiwo. A Ndevu anaika pansi sowo, anakanda ndevu zawozo, akuyang'ana uku ndi uku.

"Bambo, ngati mukudziwa nenani," anatero mlongo wanga. "Ntchitoyo mutenge, zida zake mutenge, ine ndikufuna munthu, kaya wamoyo kaya wotani."

A Ndevu anati paipi yotero ilipo imodzi yokha dera lonse lino. Ndiye taonani matenda aja: ananong'ona. Moyo wa munthu uli pachiswe, iwo akunong'ona kuti pulambala wa shedi yachitatu asamve. Inali paipi yakale yotsika kuchokera kukasupe wa pamwamba pa phiri kupita kufamu ina ya nkhuku kuseri kwake. Anaulula kuti iwonso ntchito imeneyo ankaizembera.

Tinakwera kagalimoto ka mnzathu wonyamula mchenga: ine, a Ndevu ndi dalaivalayo. Mlongo wanga ndinamukaniza, poti sindinkadziwa chimene tikachipeze. Kufamu woyang'anira nkhuku anavomera kuti pulambala anabweradi, anakwera phiri kutsata paipi, ndipo sanamuonenso. Nditamufunsa chifukwa chimene sanauzire munthu, anandiyankha mosatekeseka kuti ankayesa watsikira mbali ina kukagula zida, poti pulambala akati ndikubwera amabwera mwezi wa mawa. Ndinafuna kumuwomba khofi, koma ananena zoona.

Phiri lija si loyendamo ndi masilipasi. Udzu wofika m'khosi, minga yokola malaya, chitedze, miyala yogubuduzika ukaiponda. Paipi imayenda pamtunda, kenaka imalowa pansi, n'kukatulukira kumene sukuyembekeza, ndipo zigwembe ndi zambiri, zonse zofanana. Tinaitana mpaka mawu kusasa, chotiyankha chinali phiri lomwelo. Ine ndi mimba yangayi ndinali nditayamba kale kutukwana mlamu wanga ndi makolo ake omwe.

Pamalo ena pamene paipi inali poyera, a Ndevu anatiuza kuti titseke pakamwa. Anatulutsa sipanala, anagogoda paipi mwamphamvu, n'kugona chafufumimba khutu lili pachitsulo. Akuti ndi mmene mapulambala amaitanirana wina akakhala kuthanki wina pansi. Anagogodanso. Ndinaona ndevu zija zikugwedera. Anandikoka kuti nane ndimve, ndipo m'chitsulo chotentha chija munali kakugogoda kofooka, ngati nkhuku ikujompha chitini, kochokera kumtunda.

Tinamupeza m'chigwembe chakuya, pamene paipi imawoloka m'malere. Iye anafuna kuwoloka poyenda pamwamba pa paipiyo, chikwama cha zida chili kumsana. Silipasi inaterereka, chikwama chinamukokera pansi. Mwendo unathyoka pansi pa bondo, unatupa ngati mtsamiro. Foni inaphwanyika pamwala isanayatsidwe n'komwe. Anadzikoka mpaka pamene paipi imalowa m'khoma la chigwembe, ndipo pamenepo ndi pamene anagona masiku onsewo, akuigogoda. Anali atamasula polumikizira kuti amwe, koma munatuluka dzimbiri lokha. Paipiyo inali youma, nanga si ndiye chifukwa chake anamuitana. Milomo inali itang'ambika, nyerere zikuyenda m'makutu.

A Ndevu anatsika ndi chingwe, anamukweza mutu, n'kumamumwetsa madzi pang'onopang'ono ndi chivindikiro cha botolo. Mlamu wanga anatsegula maso, anaona ndevu pamwamba pake. Ine ndinkayembekeza kuti athokoza, kapena afunsa za mkazi wake.

"Wakuuzani ndani za ntchito ino?" anatero, mawu ngati a chule wouma.

Ndikanakhala ndi mwala pafupi, bwenzi nkhaniyi ikuthera pamenepa. Ndinamuuza ndili pamwamba kuti alamu, khalani chete, mlongo wanga wavundukula mitembo chifukwa cha inu, mukayankhulanso tikusiyani momwemo ndi chinsinsi chanucho. Anatseka maso. Tinamangira mwendo ndi timitengo ndi malamba athu, tinapanga machira ndi maovolosi a a Ndevu, n'kutsika naye phiri, mathalauza tikugwirizira ndi dzanja limodzi.

Adokotala anati tikanachedwa pang'ono impso zikanaleka, ndipo mwendowo anachita kuulimbira kuti asaudule. Anatuluka ndi chikhakha mpaka m'chiuno. Mlongo wanga anamusamalira, kumusambitsa, kumutembenuza, koma osamuyankhula. Mawu oyamba anawatulutsa tsiku limene chikhakha chinachotsedwa, mwamuna wake akufunafuna chikwama cha zida. Ndinalipo. Chikwamacho chinali m'kabati, kiyi ali pakhosi pa mlongo wanga pamodzi ndi mkanda.

"Bambo, zida zanu zimatuluka mukatchula malo," anatero. "Mukanama, tsiku limenelo mudzakagona komweko, ine sindidzavundukulanso nsalu ya munthu."

Mlamu wanga anadandaula kuti akauza mkazi, Lamlungu kwaya yonse idziwa. Anakangana mpaka anagwirizana kuti aziuza ine, poti wowotcherera sangabe ntchito ya mapaipi, ndipo ine ndiziimbira mlongo wanga kuti atsegule kabati. Amene anakamaliza kukonza paipi ya kuphiri ndi a Ndevu, pogwiritsa ntchito masoketi omwe aja, ndipo mlamu wanga mpaka lero amati imeneyo ndi ntchito yachiwiri imene anamubera. Za madzi a m'chivindikiro satchula.

Tsopano m'mawa uliwonse amabwera pashedi yanga akutsimphina, jombo kumapazi, botolo m'manja, nkhope ngati akupita kukachotsa dzino. Amadikira kuti ndizimitse makina, n'kundinong'oneza kukhutu kumene akupita ndi nthawi imene abwerere. Sabata yatha anandinong'oneza kuti akukaona thanki pachigayo cha kuseri kwa dambo, kumene udzu sunatenthedwe. Ndinamufunsa ngati akupita ndi munthu. Anati ayi, ndi pompano.

Ndinavula magalasi owotcherera, ndinatuluka panja, n'kukuwa kuti msewu wonse umve: "A Ndevu, alamu anga akupita kuchigayo cha kuseri kwa dambo, akapanda kubwera dzuwa likamapendeka mukagogode paipi!"

A Ndevu anakweza sipanala m'mwamba osatembenuka. Mlamu wanga ananditukwana mpaka kukakhota pakona, ndipo madzulo anabwera, akutukwanabe.