Mmisiri Wosalowa Kuchipinda

Chimanga changa ndinkasunga kuchipinda chogona, monga amachitira aliyense wodziwa kuti thumba lokhala pabalaza limamera miyendo. Chinali chimanga cholima ndekha, masana ndikaweruka kusukulu kumene ndimaphunzitsa kuno ku Chisenga, ndipo chinkayenera kundifikitsa pokolola pena. Amuna anga anali ku Joni. Kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ndinabwera ndi ntchito, banja linandipeza konkuno, ndipo nyumba tinamanga pamalo a apongozi anga, pamtsetse woyang'anana ndi mapiri a Mafinga.

Mvula itangokhazikika chaka chimenecho, khoma la kuchipinda, la mbali ya kumtunda, linayamba kutuluka thukuta. Poyamba linangoda m'munsi. Kenako pulasitala anafufuma n'kuyamba kuyoyoka yekha, ndipo nditapisa chala pakati pa njerwa chinalowa ngati ndapisa m'phala. Njerwazo zinali zootcha, koma tinamangira dothi. Madzi ochokera kumtunda ankalowera pansi, chifukwa kunja nthaka inali pamwamba kuposa m'chipindamo. Ukaima panja, khoma linkaoneka longosupuka pang'ono. Matenda onse anali m'kati.

Ine sindilemba mmisiri chifukwa cha pakamwa pake. Loweruka lina ndinapita ku Lufita, kumene anzanga ambiri a ntchito anamanga, n'kuyenda khomo ndi khomo. Abambo sindinkawafunsa, chifukwa bambo amatama mmisiri amene amacheza naye. Ndinkafunsa amayi, amene amakolopa ndipo amadziwa kona imene siuma. Ndinkapempha kugwira khoma m'munsi, kuseri kwa kabati, ena mpaka kundiseka. Nyumba zouma bwino zinali zomanga munthu mmodzi, fundi wina, monga amatchulira amisiri kuno. Ndinamufufuza mpaka ndinamupeza. Anabwera, anavula nsapato, analowa kuchipinda n'kugwada kugogoda khoma. Anati m'munsi monse muyenera kugumulidwa pang'onopang'ono n'kumangidwanso ndi simenti, ayalemo pulasitiki wakuda uja, ndipo kunja akumbe ngalande yopatutsa madzi. Tinagwirizana kuti ayambe sabata yotsatira.

Nkhani inafika kwa apongozi fundiyo asanafike n'komwe kwawo.

Pamudzi pano mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayankhulana maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna. Mukakumana panjira umapatuka n'kugwada chakumbali, nkhope utayang'ana kwina. Mawu amadutsa mwa munthu wina. Ndipo apongozi sangaponde kuchipinda kwa mkamwana, ngakhale kusuzumira pawindo. Mwambowu ndinkausunga ndi mtima wonse, sunkandiwawa. Wonyamula mawu pakati pathu anali mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, ndipo ndiye anabwera madzulo omwewo.

"Mlamu, adada akwiya chomene," anatero asanakhale n'komwe pansi. "Akuti nyumba ili pamalo awo. Mukatenga bwanji munthu wakunja pamene fundi tili naye pakhomo? Adada ang'ono ndiwo akonze."

Adada ang'ono amenewo ndi mng'ono wa apongozi anga, bere limodzi. Kumanga amamanga, sindiwanamizira. Koma kwa ine iwonso ndi apongozi.

"Nanga kuchipinda alowa bwanji?" ndinafunsa.

"Yayi, inunso mlamu, kulowa sangalowe. Aonera kunja."

"Khoma likuwolera m'kati."

"Khoma ni limoza, kunja na mkati," anatero, ngati wandiphunzitsa chinthu.

Ndinaimbira foni amuna anga. Anamvetsera, anapuma mwamphamvu, kenako anati, "Mkazi wanga, musandichititse manyazi. Mukakana adada ang'ono mwakana mudzi wonse." Kunena n'kosavuta ukamagona m'nyumba youma kutali. Ndinawauza zimenezo, foni inaduka, ndipo sindikhulupirira kuti inali netiweki.

Ndinayesa njira zonse. Ndinati ndichotsa bedi, zovala ndi chilichonse changa, kuti chikhale chipinda wamba. Yankho linabwera kuti chipinda ndi chipinda ngakhale muchotsemo bedi. Ndinajambula khomalo pafoni kuti mlamu akawaonetse. Anabweza foniyo ngati yamutentha, akuti chithunzi cha kuchipinda ndi kuchipinda komwe. Kwa eni kulibe mkuwe. Ndinamuimbira fundi wa ku Lufita kumuuza kuti asabwere. Anangoti, "Pepani mama, koma ngalande yokhayo asaiwale."

Tsiku la ntchito ndinakhala m'khitchini nditafulatira chitseko, mlamu akuthamanga pakati pathu. Ndinamutuma kuti akanene kuti madzi akulowera pansi, ndi kuti njerwa za m'munsi zafewa. Khitchini ili pafupi, makutu anga ndi abwino. Ndinamumva akufika kuseri n'kunena kuti, "Akuti mukugwira makora chomene, adada." Atabwera ndinamufunsa chifukwa chake wakawauza kuti akugwira bwino. Anati mkamwana sangauze apongozi kagwiridwe ka ntchito, iye wangowakonza mawuwo kuti amveke aulemu. Za ngalande anakanena ndithu nditamukakamiza, koma yankho linali lakuti ikadula njira imene apongozi aakulu amadzera popita ku nthochi zawo.

Choncho adada ang'ono anamata. Anamata khoma lonse kunja ndi simenti yanga, mosalala ngati mbale, anapaka laimu, m'munsi n'kuzunguliza penti wakuda. Anthu odutsa ankaima kuyamikira. Ine ndinapha nkhuku, ndinaphika, ndinagwada chakumbali n'kuwomba m'manja kuthokoza kuti yewo, yewo chomene, mtima ukuwira. Ndikakumbukira nkhuku imeneyo mpaka lero zimandiwawa.

M'kati khoma linanyowa kuposa kale. Madzi amene ankapumirako kunja tsopano anatsekeredwa, onse ankatulukira kwa ine. Ndinakokera matumba pabalaza. Mlamu atawaona anagwira pakamwa, akuti aliyense wolowa adziwa kuti sindikukhulupirira ntchito ya adada, ndi chimodzimodzi kuwatukwana. Komanso pabalazapo pankagona abale a amuna anga akabwera, ndipo thumba limodzi linali litayamba kale kuchepa. Ndinawabwezera kuchipinda, mbali yotalikira khomalo, nditawasanjika pamitengo. Chipindacho n'chaching'ono, kutalikirako kunali kwa dzina chabe. Ine ndinayamba kugona pamphasa pabalaza.

Mu Febuluwale mvula inagwa masiku otsatizana osapuma. M'mawa wina ndili m'kalasi, mayi woyandikana nane nyumba anaima pakhomo ali chinyowere, akundikodola. Sanafunike kunena. Ndinathamanga nsapato zili m'manja.

Khoma linali litagwera m'kati. Malata anali atapindikira pansi, akutsanulira madzi pamatumba penipeni, ndipo matope ochokera kumtunda ankalowa ngati akudziwa njira. Matumba apansi anali atamira. Pulasitala wa adada ang'ono anali gone pamwamba pa zonsezo, zibenthu zikuluzikulu zosasweka, penti wakuda akuwala bwinobwino.

Anthu anasonkhana. Apongozi onse awiri anabwera, koma atangofika pakona anatembenuka msanga n'kufulatira, chifukwa bedi langa linali poyera. Anaima choncho pamvula, akuyang'ana mapiri. Mlamu anathamangira m'nyumba, ine n'kumati akukatenga chonyamulira chimanga. Anatuluka ndi zitenje zanga n'kuyamba kuzipachika pamene panali khoma, kuti akuluakulu athe kucheuka. Ine ndili m'matope mpaka m'maondo, ndikukoka thumba ndi mayi uja, chakudya cha chaka chonse chikumwa madzi, munthu akusamala maso a adada ake. Sindinayambe ndakwiyapo choncho m'moyo wanga.

Chimangacho tinachiyanika pabalaza, m'khitchini, kwa mayi uja, paliponse pamene panali denga. Koma mvula ikakuona litsiro sikata. Dzuwa silinatuluke. China chinamera, china chinachita chuku, nyumba yonse inanunkha ngati pophikira mowa. Chimene ndinapulumutsa sichikanandifikitsa ngakhale kumapeto kwa mwezi.

Pamudzi anagwirizana kuti mvula ya chaka chimenecho inali yoopsa. Palibe anatchula ngalande. Amuna anga pafoni anati tithokoze Mulungu kuti sindinali m'katimo, ndipo ndinathokozadi, koma njala sinathe nazo.

Patapita masiku mlamu anabweranso ndi mawu. "Adada ang'ono akuti pepani chomene na ngozi iyi. Akutinso chimanga chowonongekacho musataye, nkhumba zawo zingadye."

Ndinadzaza thumba ndi chimanga chobiriwira chuku, ndinasenza pamutu, ndinanyamuka. Mlamu ankanditsatira akuchonderera kuti ndimupatse anyamule yekha. Ndinawapeza adada ang'ono atakhala pakhonde pawo. Sindinapatuke, sindinagwade. Ndinatula thumba pamapazi awo, ndinalimasula, ndinawayang'ana m'maso. Zaka zonsezo ndinali ndisanaione bwino nkhope yawo. Anali nkhalamba yotopa, ndipo maso awo ndiwo anathawa anga.

"Adada," ndinatero, "munakana kuona za kuchipinda. Ndi izi, ndakubweretserani."

Mlamu analira ngati pagwa maliro.

Khoma anadzamanganso fundi wa ku Lufita, ndipo sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ngalande inadula njira ya ku nthochi, apongozi amailumpha. Chaka chimenecho ndinadya chogula, ine mlimi, ndikuima pamsika ndi beseni pamodzi ndi amene sanalime. Mpaka lero pamudzi pano amandidziwa kuti ndine mkazi wa kumwera uja amene anayang'ana apongozi m'maso. Za chimanga changa palibe amazitchula.