Ndinapereka Dziko la Mdzukulu Wanga ndi Dzanja Langa

Inu owerenga, ine ndine munthu wachimwemwe. Ndimaimba pophika, ndimaimba pokolopa, ndimaimba ngakhale podikira basi m'chisanu cha kuno. Koma chimwemwe chomwechi chinandipusitsa, ndipo ndinalakwira mdzukulu wanga ndi dzanja langa ili, lamanjali.

Ndimakhala kuno kunja, ku Braunstone mumzinda wa Leicester, kwa mwana wanga, nesi. Mdzukulu wanga Yankho anamaliza yunivesite, amagwira ntchito m'tauni, koma Loweruka masana tebulo lathu ndi lake. Amabwera anzake ndi mabuku akuluakulu ndi madayisi, timiyala toponya ta manambala, a mbali zambirimbiri. Yankho amafotokoza nkhani, ena onse aliyense amakhala munthu wa m'nkhanimo, ndipo dayisi ndi imene imagamula ngati wapulumuka kapena wagwa. Poyamba ndinkati ndi juga. Kenako anandipatsa mpando, ndinakhala mayi woumba mbiya amene amagoneka zilombo ndi nyimbo. Ee, ndinaziimbira zilombozo mpaka aneba anagogoda khoma!

Dziko la nkhanizo Yankho analipanga yekha, zaka zitatu, m'kope la chikuto chobiriwira. Mapiri ake ndi a kwathu ku Ntcheu, nyimbo zake ndi zija ndinkaimba pamtondo ndili mtsikana. Ankati tsiku lina adzatulutsa buku, dzina lake pachikuto.

Koma anawa akamaliza kusewera ankangodandaula za kampani imene imasindikiza mabuku a masewerawo. Ati ugule buku chaka chino, chaka chamawa asintha malamulo, ugulenso lina. Ati nkhani imodzi amaidula mabuku atatu. Ati ojambula zithunzi anawachotsa, akujambulitsa makina. Misozi, mnzake wa Yankho wa ku Zambia, ankatiwerengera pafoni madandaulo a osewera ena, ochuluka ngati nyerere. Kampaniyo italengeza mpikisano wa nkhani, Misozi anandiuza m'Chinyanja chake, "Ambuya, aba banthu ni bakawalala. Ukatuma chabe, nkhani ni yao."

Ine ndinakayikira, inde ndinakayikira, koma ndinakayikira munthu wolakwika. Ndinati mumtima, iyi ndi nsanje. Akuopa kuti Yankho atchuka n'kuwasiya. Ngati kampaniyo ndi yakuba, bwanji mabuku ake akugulabe? Ndinayamba kumuyang'ana Misozi ndi diso la m'mbali, tiyi wake ndinkamuthirira womaliza.

Linafika tsiku la chionetsero cha masewerawa m'holo ina kuno ku Leicester. Yankho anapita kukaseweretsa anthu, chikwama anandisungitsa ine. Chapafupi panali tebulo la kampani ija, ndi bambo wina womwetulira, mano onse pamtunda. Ndinatulutsa kope lija m'chikwamamo kuti lilowe mumpikisano uja. Chingerezi changa ndi cha mubasi ndi kusitolo, koma tinamvana. Anatsegula, anatsegula, maso ake anasiya kuseka n'kuyamba kuthamanga. Mtima unandigunda pamenepo, sindinaumvere. Anajambula masamba onse ndi foni yake, kenako anandipatsa pepala la zilembo zing'onozing'ono ngati mawere.

Inu owerenga, ine dzina langa ndinaphunzira kulemba ndili kale ndi zidzukulu, kusukulu ya kwacha. Ndikaona mzere wosainapo ndimamva kukoma. Kuchipatala ndimasaina, wobweretsa katundu pakhomo ndimamusainira ngakhale sanandipemphe. Ndiye ndinasaina pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, ndikung'ung'udza kanyimbo. Kope ndinabwezera m'chikwama, pepala lachiwiri limene anandipatsa kuti ndisunge ndinabisa m'Baibulo. Ndinkati ndidzamudabwitse mwana.

Miyezi inapita, zii. Loweruka lina Misozi analowa osapereka moni, anaika buku latsopano patebulo. Mapiri athu anali mmenemo, atawapatsa mayina ena. Mayi woumba mbiya anali mmenemo, atamujambula zala zisanu ndi chimodzi. Dzina la Yankho, ayi, munalibe. Langa lomwe munalibe.

Anayamba kuyang'anizana anawo, aliyense kukayikira mnzake. Yankho anayang'ana Misozi, poti ndiye yekha amene anabwerekapo kope lija. Apo ndinalephera kupirira. Ndinakatenga Baibulo, ndinatulutsa pepala.

Yankho anawerenga ataimirira. Ananena motsitsa, "Agogo, mwasaina kuti zonsezi munalemba ndinu, ndiponso kuti mwawapatsa mpaka kalekale."

Anapita kwa munthu wodziwa malamulo. Anamuuza kuti njira ilipo, popeza kope silinali langa, koma ayenera kulemba kuti agogo ake ananena bodza papepala, ndipo mwina adzandiitana kukayankha. Ndinamuuza kuti lemba mwanawe, lemba, ndipita ndi chitenje changa chatsopano. Anakana. Anati, "Simunaname, agogo. Simunawerenge basi. Sindingakuimikeni pamaso pa anthu amenewo." Dziko lake la zaka zitatu analisiya chifukwa cha ine.

Misozi ndinamupepesa nditagwada, iye anandidzutsa akulira. Pano tiyi wake ndimathira woyamba.

Tsono anzanga agogo amene munabwera kuno kudzalera zidzukulu, ndimvereni. Ana akamadandaula za amene amawagulitsa masewera awo, musathamangire kuti ndi nsanje. Iwo amawerenga tizilembo timene ife sitiona. Munthu amatha kukonda masewera n'kumakayikirabe wogulitsa, ine sindinkadziwa. Chinthu cha mwana, ngakhale muli nyimbo zanu, ndi cha mwana, mufunseni. Ndipo pepala lililonse, womwetulira amwetulire bwanji, pitani nalo kunyumba akakuwerengereni mokweza.

Yankho anagula kope lina, lofiira. Mpando wanga patebulo ulipobe, dayisi ndimaponya, nyimbo ndimaimba. Koma akamapita kuntchito kope lofiiralo amaliika m'chikwama, ndipo ine ndili kukhitchini ndimamva zipi ikutsekeka.